Maola 200 m'mwamba: zoyenera kudziwa banja lisanagulitse ng'ombe kutumiza mwana ku sukulu ya ndege

TETE — Madzulo dzuwa likayamba kufooka, anthu a ku bairro la Josina Machel amatha kuona ndege ikutsika pang'onopang'ono kutsidya kwa Zambezi, kulunjika pa bwalo la Chingodzi. Akuluakulu amangoponya diso n'kupitiriza zawo. Ana a sukulu ndiwo amaitsatira mpaka itabisika. Ena mwa anawa ndi ochokera ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Chifunde, amene akukhala kwa amalume kapena azakhali awo mumzindawu kuti amalize kalasi ya 12. Ndiye zimachitika kuti mmodzi akapita kumudzi pa tchuthi, amauza makolo kuti iye za uphunzitsi kapena unamwino sakuzifuna. Akufuna kukhala piloto, woyendetsa ndege.

Makolo amene amadziwa bwino mtengo wa feteleza, wa ng'ombe ndi wa thumba la kachewere amasowa poyambira. Amafunsa kuti sukuluyo ili kuti, ndipo mwana akakhalako zaka zingati. Koma ku sukulu ya ndege sawerenga zaka. Amawerenga maola. Ola lililonse limene mwana wakhala m'mwamba limalembedwa m'kabuku kake, kamene pa Chipwitikizi amati caderneta de voo, ndipo ola lililonse limalipiridwa palokha. Banja limene likusankha sukulu, kunena zoona likusankha kumene likagule maolawo, pa mtengo wanji, ndiponso ngati boma la Mozambique lidzawavomereze mwanayo akabwerera.

Masitepe atatu

Malamulo a zimenezi sanapangidwe ndi sukulu. Anachokera ku bungwe loona za ndege pa dziko lonse la ICAO, limene linabadwa ndi pangano la ku Chicago la mu 1944. Mozambique, Malawi, Zambia ndi South Africa onse ndi mamembala. Dziko lililonse likhoza kuonjezera pa malamulowo, koma muyeso woyambira ndi umodzi.

Chiphaso choyamba ndi PPL. Munthu ayenera kukhala ndi zaka 17 ndi maola osachepera 40. Ku South Africa amafuna 45. Mwa maola 40 aja, 10 ayenera kuuluka yekha popanda mphunzitsi pambali, ndipo ulendo umodzi ukhale wa makilomita 270, atatera pa mabwalo awiri osiyana. Mtunda umenewu ukuposa wa pa msewu kuchokera ku Tete kukafika ku Ulónguè. Mwini PPL atha kunyamula mbale wake kapena mnzake, koma saloledwa kulandira malipiro. Apa mpamene mabanja ena amapusitsika. Akamva kuti mwana watenga chiphaso amaganiza kuti ntchito yayandikira, pamene ulendo wangoyamba kumene.

Chiphaso cha ntchito ndi CPL. Chimafuna zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 ngati munthu wadzera m'maphunziro apadera ovomerezeka amene dziko lake limawalola. Pa maola 200 aja, 100 ayenera kukhala amene iye mwini ndiye anali mkulu wa ndege. Pakhalenso ulendo wa makilomita 540, womwe ukuposa kupita ku Ulónguè ndi kubwerako, maola ena a usiku, ndi ena ophunzira kuuluka poyang'ana zipangizo za m'ndege zokha.

Chachitatu ndi ATPL, cha kaputeni wa ndege zazikulu zonyamula anthu. Chimenechi ndi cha zaka 21 ndi maola 1,500. Palibe banja limene limagula maola 1,500. Amenewo amapezeka pa ntchito.

Tsono vuto lagona pakati pa chiphaso choyamba ndi chachiwiri. Ophunzira ambiri samaliza PPL pa maola 45 enieni, amapitirirako. Akamaliza, pamakhala patatsala maola oposa 100 amene ayenera kubwereka ndege n'kumauluka, lero uku mawa uko, kufikira atakwanitsa 200. Kumeneku ndiye amati kusonkhanitsa maola, ndipo ndalama zambiri zimathera pamenepa. Ndege yophunzirira ya mipando inayi, Cessna 172, imamwa malita oposa 30 a mafuta pa ola, ndipo mafuta ake si petulo wa galimoto. Ukaphatikiza mphunzitsi, mabuku, mayeso, nyumba ndi chakudya, maphunziro onse mpaka CPL amadya mamiliyoni a metikali. Kuwerengera m'khola, ndi ng'ombe makumi ambiri.

Dotolo ayambe, ndalama zitsate

Pali chinthu chotsika mtengo chimene chiyenera kuchitika banja lisanagulitse ngakhale mbuzi. Ndicho kupimidwa kwa dotolo wovomerezeka ndi a za ndege. Wofuna CPL ayenera kupeza chikalata cha umoyo cha kalasi yoyamba. Amapima maso, makutu, mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mapapo. Kuvala magalasi pakokha sikulepheretsa, bola maso aziona bwino akavala. Chimene chimagwetsa anyamata ena ndi kusatha kusiyanitsa mitundu, makamaka kufiira ndi kubiriwira. Munthu amabadwa nalo vutoli ndipo akhoza kukula osalidziwa. Koma nyali za pa mapiko a ndege ndi za pa bwalo zimalankhula ndi mitundu yomweyo.

Sukulu ina imalola wophunzira kuyamba ndi chikalata cha kalasi yachiwiri, chimene chimakwanira pa PPL. Palibe cholakwa pa lamulo. Koma mwana amene cholinga chake ndi ntchito ayenera kupimidwa kalasi yoyamba pachiyambi pomwe, kuti asadzamve za vuto la mtima kapena la maso atatha kale maola 60 a ndalama za makolo. Chikalatachi sichikhala mpaka muyaya. Kwa wachinyamata chimakhala miyezi 12, kenaka apimidwenso, moyo wake wonse wa ntchito.

Chachiwiri ndi Chingerezi. Kuyambira mu 2008, ICAO inalamula kuti oyendetsa ndege zodutsa malire a maiko azikhoza mayeso a Chingerezi pa mlingo wachinayi mwa milingo isanu ndi umodzi. Si Chingerezi cholemba m'kalasi ayi, koma chomva ndi kuyankha msanga pa wailesi, mawu akubwera mothamanga pakati pa phokoso la injini. Pamenepa ana a m'malire ali ndi mwayi umene anzawo a m'zigawo zina alibe. Ambiri anakula akumvera wailesi za ku Malawi, ena anaphunzirako kutsidya, ndipo makolo ena anaphunzira Chingerezi m'misasa ya othawa nkhondo lisanasainidwe pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Komabe mwana amene Chingerezi chake n'chongopatsira moni ayambe wachikonza ali kwawo, kumene ola la phunziro silidya mafuta a ndege.

Apite kuti?

Asanaganize za kunja, banja liyambe lafunsa ku Maputo, kumene kuli Escola Nacional de Aeronáutica ndi Aero Clube de Moçambique, kuti limve maphunziro amene akuperekedwa chaka chimenecho. Ku Lusaka kuli ZASTI, sukulu ya boma la Zambia. Palinso njira ya usilikali wa m'mlengalenga, imene siifuna ng'ombe za makolo koma imafuna zaka za moyo wa mwana, ndipo iye sasankha yekha kumene akamuike.

Koma njira imene ambiri a m'chigawo chino cha Africa adutsamo ndi ya ku South Africa. Admira António, amene mu 2018 anakhala mkazi woyamba m'dziko la Mozambique kukhala kaputeni, pa kampani ya MEX, anaphunzira kumeneko. Yolanda Kaunda, mkazi woyamba wa ku Malawi kufika pa ukaputeni mu 2016, anadzeranso komweko. Atsikana a m'bairro lotchulidwa dzina la Josina Machel, amene anamwalira pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25 zokha, asauzidwe ndi wina aliyense kuti ntchitoyi ndi ya amuna.

South Africa ili ndi sukulu zambiri. Zina zili pa mabwalo ozungulira Johannesburg ndi Pretoria, monga Lanseria, Rand, Grand Central ndi Wonderboom. Zina zili kunyanja, monga 43 Air School ku Port Alfred. Ubwino wake ndi woti n'kufupi, basi imafika, ndalama yake ndi randi osati dola kapena yuro, ndipo maphunziro onse ndi a m'Chingerezi. Bwalo la Lanseria lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400, ngati mapiri a ku Angónia. Pamalo okwera chotere mpweya ndi wopepuka, ndipo kukatentha ndege imachedwa kunyamuka ndi kukwera. Wophunzira kumeneko amazolowera msanga zimene adzakumane nazo pa Chingodzi mu Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40. Nyengo ya kumeneko imathandizanso. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumwamba kumakhala koyera masiku ambiri, pamene m'dzinja mvula ya mabingu imakonda kubwera masana, ndipo ophunzira amauluka m'mawa.

Pasipoti ya Mozambique imalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, koma amenewo ndi masiku a mlendo. Wophunzira wa miyezi yambiri afunika viza ya maphunziro, imene imafuna kalata ya sukulu ndi inshuwalansi ya chipatala. Munthu amene akuti zimenezi zidzakonzedwa mwana atafika kale, mawu ake ndi okayikitsa.

Mabanja ena amakopeka ndi Portugal kapena Brazil chifukwa cha chilankhulo. Ku Portugal chiphaso chake ndi cha ku Ulaya, cholemekezeka kulikonse, koma chimalipiridwa m'mayuro, pamodzi ndi nyumba ndi chakudya cha ku Ulaya. Ku Brazil sukulu ndi zambiri, koma lamulo la kumeneko la mu 2017 limati ntchito ya upiloto ndi ya nzika za Brazil. Mlendo atha kuphunzira, koma asayembekeze kudzalembedwa ntchito kuti aonjezere maola. Komanso mwana amene waphunzira zonse m'Chipwitikizi adzakumanabe ndi mayeso a Chingerezi kutsogolo. Ku America maola ndi ambiri ndipo ndege zili paliponse, koma pamafunika viza ya maphunziro, kufufuzidwa ndi a chitetezo asanayambe, ndi tikiti yodula. Ku Addis Ababa kuli sukulu ya Ethiopian Airlines, kampani yomwe ili ndi magawo 49 pa 100 a Malawi Airlines. Kumeneko maphunziro amayenda monga a pa koleji, kuchokera poyamba mpaka pomaliza, ndipo cholinga chake ndi ndege zazikulu.

Zilembo za pa mchira

Aliyense amene anayang'anitsitsa ndege yoima pa bwalo anaona zilembo chakumchira kwake. Ndege ya Mozambique imayamba ndi C9. Ya Malawi ndi 7Q, ya Zambia 9J, ya Botswana A2, ya South Africa kawirikawiri ZS. Zilembozi si zokongoletsa. Pangano la ku Chicago limati woyendetsa ndege akhale ndi chiphaso choperekedwa kapena chovomerezedwa ndi dziko limene ndegeyo inalembetsedwa. Choncho mwana wobwera ndi chiphaso cha ku South Africa sangangokwera ndege ya C9 n'kuyamba ntchito. Ayenera kupita ku Instituto de Aviação Civil de Moçambique, IACM, kuti chiphasocho chivomerezedwe kapena chisinthidwe. Kawirikawiri maiko amafuna mayeso a malamulo a ndege a dzikolo, chikalata cha dotolo, ndi umboni wochokera ku boma limene linapereka chiphaso.

Nchifukwa chake kalata yoyamba isapite ku sukulu. Ipite ku IACM, kufunsa zimene amafuna kwa munthu wobwera ndi chiphaso cha dziko lakutilakuti, ndipo yankho lisungidwe. Kalata yachiwiri ipite ku bungwe la boma la dziko la sukuluyo. Ku South Africa ndi SACAA. Sukulu yovomerezeka imakhala ndi nambala ya chilolezo chotchedwa ATO, ndipo bungwelo litha kutsimikiza ngati chilolezocho chikugwirabe ntchito. Zithunzi zokongola za pa Facebook, za anyamata ovala malaya oyera a mikwingwirima pamapewa, sizitsimikiza kanthu. Malaya oterowo amagulitsidwa m'sitolo. Ndipo munthu wa pa WhatsApp amene akuti ndi mkhalapakati wa sukulu, n'kumapempha ndalama ya malo kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, ayankhidwe kuti banja lidzalipira ku akaunti ya sukulu, kudzera ku banki, litalandira fatura yolembedwa dzina la mwana. Safunsa anadya phula.

Mtengo wa ola

Mapepala a sukulu amaonetsa mtengo umodzi waukulu, wowerengera maola ochepetsetsa amene lamulo limalola. Wanzeru safunsa mtengo umenewo. Amafunsa kuti ophunzira a chaka chatha anamaliza pa maola angati ndi miyezi ingati, kenaka n'kupempha kulankhula ndi awiri kapena atatu a iwo, makamaka alendo.

Ola lenilenilo lili ndi nkhani zake. Pali mtengo umene amautcha wet, wophatikiza mafuta, ndi wina wotchedwa dry, wopanda mafuta. Wa dry umaoneka wotsika pa pepala, koma malita 30 aja akubwera pambuyo. Afunsenso ngati mphunzitsi ali m'kati mwa mtengowo, ngati msonkho uli m'kati, ndiponso ngati pali ndalama yolipira ndege ikatera. Wophunzira amatera kambirimbiri pa ola limodzi pamene akuphunzira kutera, ndipo pa mabwalo ena kutera kulikonse kuli ndi mtengo.

Palinso nkhani ya wotchi. Sukulu zambiri zimayamba kuwerenga injini ikangolira. Pa bwalo lotanganidwa, ndege yaing'ono ikhoza kuima pamzere mphindi 15 kudikira kuti zazikulu zidutse, injini ikulira, ndalama zikupita. Pa bwalo laling'ono la kumudzi wophunzira amanyamuka nthawi yomweyo. Koma naye wa kumudziyo amasowa chizolowezi cholankhula ndi a pa nsanja yolondolera ndege. Ambiri amaona kuti n'kwabwino kusonkhanitsa maola pa bwalo la phee, n'kumapita maulendo ku mabwalo otanganidwa.

Chofunika kwambiri, chomwe sichilembedwa pa pepala la mtengo, ndi chiwerengero cha ndege zimene zikuulukadi poyerekeza ndi ophunzira. Ndege yophunzitsira imalowa m'galaja kukapimidwa pakatha maola 100 aliwonse. Sukulu ya ndege zitatu ndi ophunzira 60 imakhala ndi mzere ngati wa pa chigayo. Mwana amauluka kamodzi pa sabata, koma lendi ndi chakudya akulipira tsiku lililonse. Ola lotsika mtengo pa sukulu yotere limatha kudula kuposa la sukulu ina ya ndege zokwanira. Afunsenso ngati aphunzitsi amakhalitsa. Aphunzitsi ambiri ndi achinyamata amene nawonso akusonkhanitsa maola, ndipo akaitanidwa ndi kampani yaikulu amachoka. Wophunzira amene wasintha aphunzitsi kanayi amabwereza zimene anaphunzira kale, pa ndalama zake.

Ndipo ndalama zonse zisaperekedwe nthawi imodzi. Sukulu zina zimachotsera mtengo kwa wolipira zonse pachiyambi. Koma sukulu za ndege ndi malonda, ndipo m'maiko ambiri zina zagwapo ophunzira ali pakati pa maphunziro, ndalama zawo n'kupita nazo. Kulipira pang'onopang'ono, maola 10 kapena 20 pa nthawi, kumateteza banja. Pangano lolembedwa linene momveka kuti ndalama yotsala idzabwezedwa bwanji mwana akadwala kapena akafuna kusamukira kwina. Maola amene ali kale m'kabuku ndi ake, amapita nawo kulikonse.

Ndalama ya pa chaka, sukulu ya pa sabata

Pali vuto lina limene ndi la alimi makamaka. Ndalama ya fodya, ya soya kapena ya kachewere imabwera kamodzi kapena kawiri pa chaka. Sukulu ya ndege imafuna ndalama sabata iliyonse. Mwana akauluka miyezi itatu n'kukhala pansi miyezi isanu kudikira zokolola, manja amaiwala. Akabwerera m'ndege amayamba ndi kubwereza, ndipo maola obwerezawo amalipiridwa monga ena onse.

Mayeso olemba nawo ali ndi nthawi yake. Ku South Africa ndi ku Ulaya munthu amakhoza akapeza 75 pa 100, osati theka monga ku sukulu za masiku onse. Ku Ulaya mayeso onse ayenera kutha m'miyezi 18, ndipo a CPL amakhala ndi mphamvu miyezi 36. Nthawiyo ikadutsa maola asanakwane, amalembanso. Maphunziro ake ndi a nyengo, kapezedwe ka njira, malamulo, injini, kulemera kwa katundu ndi thupi la munthu m'mwamba. Masamu ndi fizikisi ya kalasi ya 12 zimathandiza kwambiri.

Choncho ndi bwino kuchedwa chaka chimodzi kapena ziwiri ndalama zikusonkhanitsidwa, mwana akuwerenga mabuku ndi kunola Chingerezi, kusiyana ndi kunyamuka ndi theka la ndalama. Banja likumbukenso kuti metikali iyenera kusinthidwa, ndipo mu 2025 amalonda ambiri m'dziko la Mozambique anadandaula za kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki. Kutumiza kukachedwa masabata atatu, ndege ya mwana imaperekedwa kwa wophunzira wina. Pa nkhani ya thandizo la boma, ofesi yofunsako ndi Instituto de Bolsas de Estudo, ndipo kufunsa n'kwaulere.

Maola si ofanana

Maola 100 ozungulira bwalo limodzi kuli dzuwa amalembedwa mofanana ndi maola 100 a maulendo aatali, koma olemba ntchito amadziwa kusiyana kwake. Amatsegula kabuku n'kuona kumene munthu anapita, ngati anaterapo pa bwalo la dothi, ngati anaulukapo usiku, ngati anawolokapo malire n'kudzaza mapepala a kasitomu. Wophunzira wochenjera amakonza maulendo ake kuti ola lililonse limuphunzitse chatsopano. Ena amagwirizana awiriawiri, wina kuyendetsa popita wina pobwera, aliyense n'kulemba maola ake okha.

Pamwamba pa CPL, makampani amafuna ziphaso zina ziwiri. China ndi cha ndege ya injini ziwiri. China ndi chouluka m'mitambo poyang'ana zipangizo zokha, chotchedwa IR, chimene pa muyeso wa ICAO chimafuna maola 40 a maphunziro otere, ena mwa iwo pa makina oyeserera ali pansi. Munthu akalowa mumtambo thupi limamunamiza. Amamva ngati ndege ili bwino pamene yapendekeka. Anthu a m'malire akukumbuka za pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali a Malawi ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha anthu onse 9, kuphatikizapo wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza anapeza kuti ndegeyo inkauluka m'munsi nyengo ili yoipa, mpaka inawomba mtunda. Sukulu imene imakakamiza ophunzira kunyamuka nyengo ili yokayikitsa kuti maola achuluke msanga, ndi yofunika kuithawa.

Palinso chinyengo cholemba maola amene munthu sanauluke. Cholembera n'chotsika mtengo kuposa mafuta, ndipo mayesero alipo. Koma ndege iliyonse ili ndi buku lakelake, ndipo mabuku awiriwa amatha kuyerekezedwa. Mu 2020, ndege ya Pakistan International Airlines itagwa ku Karachi, nduna ya dzikolo inauza nyumba ya malamulo kuti ziphaso za oyendetsa ndege 262 mwa 860 zinali zokayikitsa. Maiko a ku Ulaya analetsa kampaniyo kutera kwawo mpaka mu 2024. Osalakwa anavutikira pamodzi ndi olakwa.

Akamaliza 200

Wa maola 200 ali ngati dalaivala amene watenga laisensi dzulo. Lamulo limamulola kugwira ntchito, koma eni ndege ndi a inshuwalansi amafuna maola ochuluka. Njira zodziwika ndi zochepa. Ena amaonjezera chiphaso cha uphunzitsi n'kumaphunzitsa anzawo. Ena amapita ku Maun m'dziko la Botswana, kumene ndege zazing'ono zimanyamula alendo kupita ku madambo a Okavango, koma kumeneko pamafunika chilolezo cha ntchito ndipo nzika zimayamba kuganiziridwa. Ena amafunafuna ku makampani ang'onoang'ono onyamula alendo ku Vilankulo ndi ku zilumba, kapena otumikira migodi. Ku South Africa viza ya maphunziro si chilolezo cha ntchito.

Kwawo kwenikweni zitseko zazikulu ndi LAM ndi MEX. LAM inakhazikitsidwa mu 1980 m'malo mwa DETA ya m'nthawi ya atsamunda, ndipo yadutsa m'mavuto a ndalama zaka zambiri. Mu 2025 boma linalola kuti magawo ake m'kampaniyo agulidwe ndi makampani atatu a boma, CFM ya njanji, EMOSE ya inshuwalansi, ndi HCB ya magetsi a ku Cahora Bassa, ku Songo m'chigawo cha Tete chomwechi. Kampani ya ndege zochepa imalemba oyendetsa ochepa, ndipo sichita zimenezo chaka chilichonse. Akalembedwa, munthu ayeneranso kuphunzira mtundu wa ndege imene adzayendetse, kaya ndi Embraer, Dash 8 kapena Boeing 737. Maphunziro amenewa ndi odula. Kampani ikalipira imamumanga ndi pangano la zaka zingapo. Wina akamauza banja kuti lilipire lokha maphunzirowa ntchito isanalonjezedwe m'kalata, banja lidekhe.

Pa nthawi yodikirayi chiphaso chimadyabe ndalama. Dotolo ayenera kuonedwa chaka chilichonse, chiphaso cha m'mitambo chiyenera kuyesedwanso, ndipo munthu ayenera kumaulukabe kuti asaiwale. Banja limene lawerengera mpaka tsiku la CPL lokha lasiya mbali ina ya ngongole.

Mwana amene dotolo wamukana, kapena amene ndalama za maola 200 sizingapezeke, sanatsekeredwe kunja kwa bwalo. Ndege iliyonse yotera pa Chingodzi imafuna amakaniko, olondolera ndege pa nsanja, oona za nyengo, ozimitsa moto ndi okonza mapepala a ulendo, ndipo maphunziro a ntchito zimenezi salipiridwa pa ola la mafuta. Kwa amene wapambana kwa dotolo ndipo mtima wake sukusintha, sukulu zambiri zimagulitsa ulendo umodzi woyesera, wa theka la ola kapena ola lathunthu, mphunzitsi ali pambali. Ena amatsikamo akusanza n'kunena kuti basi. Ena amatsika akufunsa tsiku lobweranso. Ulendowo umaperekanso mpata woti amalume kapena azakhali amene aperekeza mwanayo alowe m'galaja, awerenge ndege zimene zili ndi injini, ndipo afunse ophunzira amene akhala pabenchi kuti anauluka liti komaliza.